Momwe mungakonzere dera lanu ndi luso lomwe lili kale m'makomo mwanu mu Harare

Magulu ambiri a chitukuko m'madera ngati Mbare, Mufakose, Mabvuku, Tafara ndi Dzivarasekwa amafera pa msonkhano wachitatu. Pa woyamba anthu amadzaza, aliyense n'kutula lake: madzi sakutuluka, zinyalala sizikutengedwa, suweji yaphulika, anyamata angokhala pa mlatho. Pa wachiwiri amasankha tcheyamani, mlembi ndi msungichuma, n'kugwirizana zosonkha dola dola. Pa wachitatu pamabwera anthu asanu, ndipo awiri mwa iwo adzera kudzafunsa ndalama zawo.

Vuto limakhala poyambira. Gulu likayamba ndi mndandanda wa mavuto, limapeza kuti pafupifupi onse ndi ofuna khonsolo kapena ndalama zambiri, basi manja lende, kudikira. Njira ili m'munsiyi ikuyambira kwina: kudziwa amene amatha chiyani pa mzere wanu, kuwalumikiza anthuwo, ndi kumaliza ntchito imodzi yooneka ndi maso musanapemphe kanthu kwa wina aliyense. Ikani padera milungu 8, kuchokera tsiku loyamba kugogoda pa zitseko mpaka tsiku la ntchitoyo.

Zofunika kukhala nazo

- Anthu atatu, anayi kapena asanu oyamba nawo. Asapitirire pamenepo.
- Makope awiri a chikuto cholimba: lina loyenda nalo, lina lokhala pa nyumba.
- Mapensulo. Inki imafufutika kope likanyowa.
- Pepala lalikulu lojambulapo mapu. Katoni yotambasula kapena mapepala a matumba a simenti amagwira ntchito yomweyo.
- Zolembera zonenepa za mitundu itatu.
- Chimanga kapena nyemba zodzaza kapu imodzi, zovotera.
- Foni imodzi yokhala ndi WhatsApp.
- Malo okhala anthu 30 osalipira: pabwalo la nyumba, pansi pa mtengo, kapena kalasi ya tchalitchi.

Mafosholo, mawilibala ndi mareki musagule. Mudzawapeza pa gawo 3. Bokosi la ndalama nalo lidikire mpaka gawo 8.

1. Dulani dera laling'ono

Tengani nyumba 30 mpaka 40, mzere umodzi kapena iwiri yoyang'anizana. Ku mafulati a ku Mbare, monga Matapi, Nenyere kapena Shawasha, tengani nyumba imodzi yosanja, mwinanso chisanja chimodzi chokha. Muyezo wake ndi uwu: dera limene munthu angaliyende lonse mu mphindi 10, ndipo maliro akagwa kumapeto kwake, onse amamva tsiku lomwelo.

Werengani mabanja, osati zitseko za pa geti. Pa nyumba imodzi pakhoza kukhala mwini nyumba ndi mabanja atatu a lendi kuseri, ndiye nyumba 35 zingathe kukhala mabanja 90.

Chenjezo: musatenge wadi yonse. Wadi ndi malire a chisankho, ndipo mukangotchula nambala ya wadi anthu amayamba kufunsa kuti mwatumidwa ndi chipani chiti.

2. Pezani olumikiza anthu, osati atsogoleri

Funsani anthu angapo funso ili: maliro akagwa pa mzere uno usiku, amayamba kudzutsidwa ndani? Mayina amene abwere kawiri kapena katatu ndi amene mukuwafuna. Nthawi zambiri ndi mayi amene amadziwa kobwereka miphika ikuluikulu, bambo amene amalemba chipepeso, mtsikana wa pa tebulo la tomato pa kona, kapena wometa tsitsi amene anyamata onse amadutsa m'manja mwake. Anthu otere sakonda maudindo, koma akagogoda pakhomo amatseguliridwa.

Kagulu kanu kakhale kosakanikirana. Ife a Chichewa mu Harare tili m'mipingo yosiyanasiyana, ena ku CCAP, ena ku Katolika, ena ku mzikiti, ena ku gule wamkulu amene anzathu a Chishona amati zvigure. Pa mzere womwewo pali a Chishona, a Chindau, a Chisena ndi ena. Mukayamba anayi a mpingo umodzi, ntchitoyo idzatchedwa ya mpingowo mpaka kalekale. Pakhale wolankhula Chishona bwino, pakhale wa lendi, pakhale wachinyamata wosakwana zaka 25.

Munthu amene ali ndi udindo m'chipani chilichonse mumulandire ngati wokhala pa mzere, koma asakhale m'kagulu koyenda m'makomo.

3. Yendani khomo ndi khomo

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndipo ndi pamene anthu amafuna kudulira. Yendani awiriawiri, mwamuna ndi mkazi ngati n'kotheka. Banja lililonse mphindi 15 mpaka 20, mabanja asanu kapena asanu ndi limodzi pa tsiku. Mukapitirira pamenepo mumayamba kungolemba osamva. Nthawi yabwino ndi Loweruka madzulo kapena Lamulungu anthu ataweruka ku mapemphero. M'mawa amayi ambiri amakhala ali pa mzere wa madzi kapena apita kukaoda ku Mbare Musika.

Mukapereka moni ndi kukhala pansi, nenani mwachidule: "Zikomo amayi, sitinabwere ndi chithandizo, komanso sitikulemba maina a chakudya. Tikufuna kudziwa zimene anthu a mzere uno amatha kuchita." Mawu amenewa musawadumphe. Anthu akaona kope amaganiza kuti kukubwera ufa, ndipo amayamba kubisa zimene ali nazo.

Kenako funsani mafunso asanu awa, mmodzi akufunsa, wina akulemba:

- Ndi ntchito yanji ya manja imene anthu amabwera kudzakupemphani kuti muwachitire?
- Munagwirapo ntchito zanji kale, ngakhale munasiya?
- Ndi chiyani chimene mungaphunzitse mwana wa mnzanu?
- Ndi chiyani chimene inu mukufuna kuphunzira?
- Muli ndi chida chanji chimene mungabwereketse kwa tsiku limodzi?

Musafunse kuti "muli ndi luso lanji?" Pafupifupi aliyense amayankha kuti "ine ndilibe, sindinapite patali ndi sukulu." Funso lachiwiri ndi limene limatsegula akuluakulu. Agogo aamuna amene akhala pa mpando pakhomo tsiku lonse mwina anagwira zaka 30 kokonza sitima za pa njanje, kapena anali wophika ku Avondale, kapena anali kapitawo wa dimba pa famu. Makolo athu ambiri anabwera kuno kudzagwira ntchito zoterezi, ndipo lusolo likadali m'manja mwawo. Muwasiye afotokoze, ndipo mulembe mwatsatanetsatane. Osangolemba kuti "makaniko", lembani kuti "amakonza mapampu a madzi ndi majeneleta, ali ndi masipanala ake."

Funsani aliyense wa m'banjamo amene alipo, osati mutu wa banja wokha. Mtsikana wa Fomu 4 amene amadziwa masamu, mnyamata amene amakonza mafoni, agogo aakazi amene anali namkungwi, onsewa alowe m'kope. Lembaninso luso limene silioneka ngati luso: woyanjanitsa anthu akayambana, wodziwa kusamala wodwala wogonera, wodziwa kulemba kalata ya ku ofesi. Wina wofunika kwambiri pakati pathu ndi amene anadutsa kale njira yosinthira chitupa ku ofesi ya kalembera. Malamulo aakulu a dziko a 2013, pa ndime 43, amati munthu amene anabadwira mu Zimbabwe malamulowo asanatuluke, kholo lake lili nzika ya dziko la mu SADC, ndipo iye ankakhala muno pa nthawiyo, ndi nzika yobadwa. Koma alipo ambiri amene akusungabe chitupa chosonyeza kuti ndi alendo chifukwa chosowa wowaperekeza. Munthu wodziwa khomo loyambira ndi mapepala onyamula ndi chuma cha mzere wonse.

Machenjezo atatu. Loyamba, musalembe nambala ya chitupa, tsiku lobadwa kapena dziko limene makolo anachokera. Dzina, nambala ya nyumba ndi luso n'zokwanira, ndipo nambala ya foni ilembedwe pokhapokha mwiniwake atavomera. Lachiwiri, musayende ndi kope m'makomo chisankho chikayandikira. Lachitatu, munthu akayamba kudandaula za madzi kapena suweji, mumvetsereni, koma musalonjeze kanthu.

4. Sanjani kope lachiwiri

Kope loyenda nalo limalembedwa banja ndi banja. Lokhala pa nyumba lilembedwe luso ndi luso: tsamba la omanga ndi a mapaipi, la osoka, la owotcherera, la ophika, la ophunzitsa ana, la osamala odwala, la alimi a masamba, la zida. Kumapeto siyani masamba a "ofuna kuphunzira."

Mukatero ikani masamba awiri pafupi n'kuyang'ana. Telala ali ndi makina awiri koma maso ayamba kufooka; atsikana atatu akufuna kuphunzira kusoka. Wowotcherera amagwira ku Siyaso, msika wa amisiri ku Mbare, ndipo amatsala ndi tizidutswa ta zitsulo. Mjigo wa pa kona ukufuna chogwirira chatsopano. Lumikizani awiri kapena atatu otere sabata yomweyo, msonkhano usanachitike. Ingotengani wina n'kupita naye kwa mnzakeyo. Anthu akamadzabwera ku msonkhano adzakhala ataona kale kuti kope lija likubala.

5. Jambulani mapu a magulu, malo ndi ndalama

Pa katoni ija jambulani misewu ndi nyumba. Ndi mtundu woyamba lembani magulu amene alipo kale: sosaite ya maliro, chipereganyu chimene kuno timati mukando, kwaya, amayi a Chigwirizano, a Mvano kapena a Dorika, timu ya mpira, komiti ya mjigo, gulu la gule. Pa lililonse lembani tsiku limene limakumana ndi munthu wolankhula naye. Masosaite a maliro a anthu ochokera ku Malawi ndi ena mwa magulu akale kwambiri m'malokeshoni a Harare, ndipo amadziwa kusunga kaundula, kutolera ndalama mwezi ndi mwezi ndi kudyetsa khamu. Musawaphunzitse kuyendetsa gulu. Akuphunzitseni ndi iwo.

Ndi mtundu wachiwiri sonyezani malo: mjigo, chitsime, bwalo la sukulu, khonde la sitolo yotsekedwa, mtengo wa mthunzi, holo ya khonsolo ngati Stodart ku Mbare kapena Cyril Jennings ku Highfield. Pa malo alionse lembani mwini wake. Malo opanda kanthu mu Harare si opanda mwini.

Mtundu wachitatu ndi wa ndalama zimene zimatuluka m'dera. Funsani mabanja 10 kumene anagula yunifolomu mu Januwale, amene anawakonzera geti, kumene amagula masamba ndi mazira. Mukapeza kuti mabanja ambiri akukwera kombi kupita m'tauni kukagula chinthu chimene wina wa pa tsamba lanu amapanga, mwapeza ntchito.

6. Itanani msonkhano woyamba

Itanani pakamwa, khomo ndi khomo, ndipo WhatsApp ingokhala yokumbutsa. Msonkhano usapitirire ola limodzi ndi theka. Pasakhale tebulo la akuluakulu kutsogolo, pasakhale mlendo wolemekezeka. Lankhulani Chichewa ndi Chishona mosinthana. Zonse ziwiri zili m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka m'malamulo a dziko, ndipo palibe chifukwa choti agogo akhale chete poopa kuphonya Chishona.

Yambani ndi kuwerenga zimene mwapeza, popanda maina a amene sanavomere: "Pa mzere uno pali omanga anayi, osoka asanu ndi mmodzi, aphunzitsi opuma awiri, namwino wopuma mmodzi, mawilibala asanu ndi awiri." Werengani pang'onopang'ono. Anthu ambiri amakhala asanamvepo dera lawo likutchulidwa motere.

Kenako funsani chimene anthu akufuna chisinthe, ndipo chilichonse chotchulidwa muchiike m'gawo limodzi mwa atatu: zimene tingachite tokha, zimene tingachite titathandizidwa pang'ono, ndi zimene zili ntchito ya khonsolo kapena boma. Madzi a m'mipope ochokera ku Morton Jaffray, malo oyeretsera madzi a mzinda, ali m'gawo lachitatu. Kukonza pampu ya mjigo nthawi zambiri kuli m'lachiwiri. Kufukula ngalande, kuphunzitsa ana masamu Loweruka, kuperekeza okalamba ku kiliniki, zili m'loyamba.

Voterani za m'gawo loyamba lokha. Jambulani mabwalo pansi, bwalo limodzi ntchito imodzi, ndipo aliyense alandire njere zitatu za chimanga aziike pamene akufuna. Kukweza manja kumapangitsa a lendi kuyang'ana kaye dzanja la mwini nyumba.

Chenjezo: lamulo la Maintenance of Peace and Order Act la 2019 limafuna kuti apolisi adziwitsidwe pasadakhale za misonkhano ina ya pagulu. Ngati mukukumana pa malo a anthu onse, kafunseni ku polisi ya dera lanu masiku angapo tsikulo lisanafike, ndipo nkhani za zipani zisalowe.

7. Gwirani ntchito yoyamba

Ntchito yoyamba ikhale yotheka mkati mwa milungu inayi, yosafuna kusonkha ndalama, yooneka kwa wodutsa pa msewu, ndipo yofuna maluso osachepera atatu a m'kope. Kwa madera ambiri a Harare, kufukula ngalande za m'mbali mwa msewu mu Okutobala, mvula ya Novembala isanayambe, kumakwaniritsa zonsezi. Nayi njira yake.

Sabata imodzi tsikulo lisanafike, anthu awiri ayende ngalande yonse ndi womanga wa m'kope lanu, aone kumene madzi amalowera ndi kumene amatulukira. Sankhani chigawo chosapitirira mamita 100 kwa anthu 15. Pitani ku ofesi ya khonsolo ya dera lanu mukanene tsiku ndi kufunsa za galimoto yotenga zinyalala. Lachisanu loyamba la mwezi uliwonse ndi tsiku losesa m'dziko lonse la Zimbabwe, kuyambira mu Disembala 2018, ndiye pempho la tsiku limeneli limamveka msanga. Ngati ambiri ali ku ntchito Lachisanu, gwirani Loweruka lotsatira.

Pa tsikulo yambani 6 koloko m'mawa, chifukwa dzuwa la Okutobala likafika 10 koloko anthu amayamba kuzemba. Yambirani kumunsi, kumene madzi amatulukira, muzikwera chokwera. Mukayambira kumtunda, matope onse amene mwamasula amakatseka kumunsi. Gawani anthu patatu: ofukula ndi mafosholo, okankha mawilibala, ndi osankha zinyalala. Dothi lofukulidwa lisaunjikidwe m'mphepete mwa ngalande, mvula yoyamba idzalibwezera momwemo. Lichoke tsiku lomwelo, likakwirire maenje a m'mabwalo a nyumba zimene eni ake avomera.

Mapaipi odutsa pansi pa msewu kapena pa geti ndi amene amavuta. Wowotcherera akupangireni chitsulo chotalika mamita atatu chokhala ndi ngowe kumapeto, muzikokera kunja mapulasitiki ndi matewera. Munthu asalowetse mkono, ndipo mwana asatumidwe kukwawiramo ngakhale paipiyo ikhale yaikulu.

Aliyense wogwira zinyalala avale magolovesi ndi jombo, chifukwa m'ngalande mumakhala magalasi ndi majakisoni. Pakhale ndowa ya madzi ndi sopo, ndipo chakudya chidyedwe anthu atasamba m'manja, kutali ndi ngalandeyo. Mukapeza madzi akuda onunkha chimbudzi, siyani pomwepo: ndiye kuti suweji ikutayikira m'ngalande. Jambulani ndi foni, kaneneni ku ofesi ya khonsolo, lembani tsiku ndi dzina la ofesi imene mwanenako. Musatsegule chivundikiro cha dzenje la suweji, ndipo wina asalowemo ngakhale atakhala pulambala. Mpweya wa m'menemo umakomola munthu asanakuwe n'komwe. Kolera ya 2008 ndi 2009 inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, ndipo ya 2018 inayambira ku Glen View ndi Budiriro, kumene zonyansa za m'mapaipi ophulika zinalowa m'madzi akumwa.

Mabotolo a pulasitiki ndi zitini zipatseni amene amatola zogulitsa pa mzere wanu, amenenso ayenera kukhala ali m'kope. Masamba ndi udzu zipite pa dzenje la manyowa. Zotsala zimangidwe m'matumba. Musaziwotche: utsi wa pulasitiki umapweteka chifuwa, ndiponso a EMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, amalipiritsa chindapusa.

Pomaliza pakhale chakudya, ngakhale thobwa ndi mbatata. Kumudzi dima silitha popanda mphika, ndipo anzathu a Chishona pa nhimbe amachita chimodzimodzi. Amene sangagwire fosholo aphike, atunge madzi, kapena ayang'anire ana. Bwezani chida chilichonse kwa mwini wake tsiku lomwelo, chotsukidwa. Wilibala imodzi ikasowa, simudzabwerekedwanso kanthu pa mzere umenewo.

Ngati anthu asankha dimba m'malo mwa ngalande, kumbukirani kuti malamulo saloleza kulima mkati mwa mamita 30 kuchokera m'mphepete mwa mtsinje, ndipo madambo ndi otetezedwa. Pemphani kachigawo pa bwalo la tchalitchi kapena sukulu, ndipo chilolezo chikhale cholembedwa.

8. Ndalama zibwere tsopano

Mukamaliza ntchito imodzi kapena ziwiri, m'pamene mungayambe kukamba za thumba. Lembani malamulo a gulu osapitirira masamba awiri: cholinga, amene angalowe, chosonkha, amene amavomereza kugula, ndi chochita munthu akasamuka. Sonkherani chinthu chodziwika, monga matumba awiri a simenti okonzera pa mjigo, osati "chitukuko."

Bokosi likhale ndi maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu a nyumba zosiyana, ndipo wosunga bokosi asakhale ndi kiyi. Litsegulidwe pa msonkhano pokha, ndalama ziwerengedwe mokweza. M'buku lembani mtundu wa ndalama imene munthu wapereka, madola a ku America pa mzere wake, ZiG, ndalama ya dziko lino, pa mzere wake, ndipo musasinthanitse popanda gulu kuvomereza mtengo wa tsikulo. Noti yong'ambika ikanidwe pomwepo, chifukwa ku sitolo akaikana mkangano umagwera msungichuma. Ndalama zisagone m'bokosi miyezi. Aliyense amene anaona ndalama zikutha mphamvu mu 2008 akudziwa chifukwa chake. Zikakwana, gulani katunduyo, risiti imatidwe m'buku.

Chenjezo: EcoCash, njira yosungira ndi kutumizira ndalama pa foni, ikakhala pa nambala ya munthu mmodzi imasakaniza ndalama za gulu ndi za pakhomo, ndipo ndalama zodulidwa potumiza zimasokoneza mawerengero. Ngati simungachitire mwina, uthenga uliwonse wolandira kapena kutulutsa utumizidwe ku gulu la WhatsApp nthawi yomweyo. Mukafika pofuna kulandira thandizo la ndalama kuchokera kunja kwa gulu, funsani kaye wodziwa malamulo za Private Voluntary Organisations Act, imene inasinthidwa mu 2025.

9. Pitani kwa akunja mutanyamula zimene mwachita

Tsopano tengani zija munaziika m'gawo lachiwiri ndi lachitatu pa msonkhano woyamba. Lembani kalata ya tsamba limodzi: ndife mabanja angati, tachita chiyani pa tsiku liti, tili ndi anthu otha chiyani, tikupempha chinthu chimodzi ichi. Pangani makope awiri, lina adinde chidindo mubwerere nalo. Pitani atatu. Khansala mumuitane adzaone ntchito yomalizidwa, koma asasanduke mwini wake. Mabungwe a okhala mu mzinda, monga Combined Harare Residents Association ndi Harare Residents Trust, amadziwa makomo a ku Town House, likulu la khonsolo ya mzinda, pa nkhani zimene zakanika ku ofesi ya dera.

Bungwe likabwera ndi thandizo, lifunseni kuti ntchitoyo agwire ndani. Ngati likubweretsa omanga ake pamene inu muli nawo anayi m'kope, kambiranani. Thandizo labwino limawonjezera pa zimene anthu ali nazo kale. Friendship Bench, imene dokotala Dixon Chibanda anayambitsa ku Mbare mu 2006, inatenga agogo aakazi a m'dera momwemo, amene anthu ankawakhulupirira kale, n'kuwaphunzitsa njira yomvetsera ndi kuthandiza ovutika maganizo pa benchi ya pa kiliniki.

10. Bwererani ku kope miyezi itatu iliyonse

A lendi amasamuka, ena amapita ku Joni, ena amabwera. Yenderani mabanja atsopano, fufutani amene achoka. Woyendetsa msonkhano asinthe ntchito iliyonse ikatha.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

*Kope kusanduka chokongoletsa.* Kagulu kamayenda bwino m'makomo, kusanja masamba mwaukhondo, kenako kope n'kulowa m'kabati. Ngati padutsa milungu iwiri osalumikiza munthu ndi mnzake, ntchito yaima, ngakhale misonkhano ikuchitika.

*Kudyera amisiri masuku pamutu.* Womanga amene amadya za manja ake akhoza kupereka Loweruka limodzi, koma osati lililonse. Mukamutuma kachitatu kwaulere, kwa iye ntchito ya gulu yasanduka thangata, ndipo adzayamba kutuluka m'nyumba m'bandakucha. Gwirizanani poyera: tsiku la gulu ndi laulere, ntchito ya pakhomo pa munthu ndi yolipira, ndipo a pa mzere akafuna mmisiri ayambe kufunsa wa m'kope.

*Kusiya a lendi kunja.* Eni nyumba amati a lendi ndi odutsa. Koma ndi iwo ochuluka, ndipo ambiri mwa achinyamata a mphamvu ali kuseri kwa nyumbazo.

*Kulipiritsa osabwera.* Chindapusa chimabweretsa anthu okwiya. Amene sanabwere mufunseni chimene angathe pa nthawi yake. Wogulitsa ku msika Loweruka akhoza kupereka sopo kapena kubwereketsa ngolo yake.

*Kumanga popanda chilolezo.* Shedi, chimbudzi kapena khoma pa malo a khonsolo likhoza kugwetsedwa, ngakhale cholinga chikhale chabwino. Amene anaona Murambatsvina mu 2005, pamene boma linagwetsa nyumba zimene linkati n'zopanda chilolezo, safuna kukumbutsidwa. Chilichonse cha njerwa ndi simenti chiyambe ndi pepala lodindidwa.

*Gulu la WhatsApp kulowa m'malo mwa miyendo.* Agogo amene ali ndi luso lalikulu nthawi zambiri alibe foni yotere, ndipo ena data imawathera pakati pa mwezi. Uthenga wofunika uyende pakamwa. M'gulumo muletse maunyolo a mapemphero, malonda ndi ndale kuyambira tsiku loyamba, apo ayi anthu adzalitseka mawu.

*Kulandira ntchito ya khonsolo ngati yanu.* Kufukula ngalande kamodzi mvula isanagwe n'kwabwino. Kutenga zinyalala sabata ndi sabata, kukonza suweji ndi kubweretsa madzi ndi ntchito zimene mumalipirira pa bilu ya mwezi. Pitirizani kulemba makalata, sungani makope odindidwa mu fayilo imodzi motsatana masiku, ndipo fayiloyo izipita nanu ku msonkhano uliwonse umene khansala waitanitsa.